Wopeka Nyimbo Amene Saoneka pa Kanema

Pa 31 December chaka chilichonse, mabanja ambiri ku Russia amadya chakudya chamadzulo wailesi yakanema ikuonetsa filimu imodzimodzi, The Irony of Fate ya Eldar Ryazanov, yomwe inatuluka pa 1 January 1976. Nyimbo zake anthu anaziloweza kalekale. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti amadziwanso amene anazipeka, Mikael Tariverdiev.

Mkuluyu anabadwira ku Tbilisi mu 1931, makolo ake ali Aameniya. Luso lopeka nyimbo anakalinola ku Gnessin Institute ku Moscow, mphunzitsi wake ali Aram Khachaturian. Pomwalira ku Sochi mu 1996 n'kuti atapekera nyimbo mafilimu oposa 130.

Taonani mmene nyimbo za mufilimu ija zinapangidwira. Mawu anawatenga m'ndakatulo za anthu monga Marina Tsvetaeva ndi Boris Pasternak, omwe anali atatsikira kale kulichete. Tariverdiev anawapatsa maimbidwe ofatsa, gitala likulira chapansipansi. Pa kanema mumaona Barbara Brylska wa ku Poland akuyendetsa milomo, gitala lili m'manja, koma liwu mukumvalo ndi la Alla Pugacheva. Nyimbo imodzi yadutsa m'manja mwa anthu anayi, aliyense ndi ntchito yake. Mu filimu ina imene Tariverdiev anaipekera nyimbo, Seventeen Moments of Spring ya 1973, muli malo ena pamene kazitape Stirlitz akuona mkazi wake chapatali m'nyumba yodyera, koma sangamulankhule poopa kugwidwa. Mphindi zingapo zimatha popanda wotsegula pakamwa. Zonse zili m'mitima mwawo akuzinena ndi Tariverdiev.

Kuno kwathu nyimbo mwini wake ndi woimba. Allan Namoko ankapeka yekha, n'kuimba yekha banjo ili pachifuwa. Nyimbo zapamtondo ndiye zilibe n'komwe mwini. Mayi wina amaiyambitsa akusinja, kudandaula za mwamuna wothera ndalama ku mowa, anzake n'kumavomera, ndipo ikamafika mudzi wachitatu imakhala itavala mawu ena. Ichi n'chuma, ndipo sindingafune kuti tichitaye. Nyimbo yotere imadzudzula munthu popanda woloza chala amene waiyamba.

Koma mwambo womwewu umameza munthu amene amapeka osaimirira pagulu. Ana amaimba nyimbo ya fuko pa asembule m'dziko lonse la Malawi, koma ndi angati angatchule Michael Sauka, amene nyimbo yakeyo inasankhidwa mu 1964? M'mafilimu athu ambiri vutoli limamveka ndi khutu. Wojambula amatenga nyimbo imene ikuvuta pa wailesi n'kungoiponya pansi pa chithunzi, kaya anthu akulira kaya akukangana. Wopeka akanaitanidwa nkhani ikulembedwa, akanadziwa pofunika ng'oma, pofunika kalimba, ndi poyenera kungokhala chete.

Ulemu wa Tariverdiev sunabwere waulere. Makampani a mafilimu monga Mosfilm anali a boma la Soviet Union, opeka nyimbo anali ndi bungwe lawo lovomerezeka ndi boma lomwelo, ndipo amene akukulipira ndiye ankanena choti anthu aone. Ifenso pa nthawi ya Kamuzu tinali ndi bungwe lofufuza nyimbo ndi mafilimu kuchokera mu 1968, kungoti ife tinalandira chiletso chokha, malipiro ayi. COSOMA, yotolera ndalama za opeka nyimbo, inadzayamba mu 1992.