Kabuleta Yoyenera Volkswagen ya Malume

Malume anga ali ndi Volkswagen Beetle ya 1962 imene akufuna kuibwezeretsa mmene inalili potuluka ku fakitale. Makaniko wina anawagulitsa kabuleta yonyezimira ya Solex 34 PICT-3, koma inakana kukhala pa paipi yopititsa petulo ndi mpweya mu injini. Ndalama zinalowa m'madzi. Apa m'pamene ndinaphunzira kuwerenga zilembo zodindidwa pambali pa kabuleta.

Nambala yoyambirira imanena kukula kwa khosi la kabuletayo m'mamilimita. Ya 34 imeneyi ndi ya injini yaikulu ya 1600 ya m'ma 1971, pamene galimoto ya malume imafuna 28 PICT. Palinso msampha wina. Kabuleta ya 28 PCI dzina lake n'lofananako, koma ndi ya galimoto zakale kwambiri zimene dalaivala ankachita kukoka choki ndi dzanja. Pa PICT choki chimatseguka chokha chikatenthedwa ndi magetsi.

Komabe kudziwa chaka cha galimoto sikokwanira, poti eni ake ambiri anasinthitsa injini kalekale. Choncho ndisanalole malume kutulutsanso ndalama, ndinapukuta girizi pansi pa jenereta n'kuwerenga nambala ya injini. Mwamwayi inali yake yomwe ya 1200.