Wotchi Imene Ili mu Ubongo Wathu

N'chifukwa chiyani timayamba kusinza usiku ngakhale tisanayang'ane nthawi? Mu ubongo wathu muli kachigawo kotchedwa SCN, ka maselo pafupifupi 20,000, kamene kamauza thupi nthawi yogona ndi yodzuka.

Mu 1995, David Welsh ndi anzake ku America anatenga maselo amenewa mu ubongo wa makoswe n'kuwasunga amoyo m'kambale. Ena mwa maselowa ankachulukitsa ndi kuchepetsa timauthenga tawo tamagetsi pafupifupi maola 24 aliwonse, koma lililonse pa nthawi yakeyake. M'thupi maselowa amayendera limodzi, ndipo kuwala kolowa m'maso n'kumene kumawongola nthawi yawo.

N'chifukwa chake kuwala kwa foni usiku kumachedwetsa tulo. Makolo, tithandize ana athu kuzimitsa mafoni msanga, kuti asamawodzere m'kalasi.