MOTO UNAZIMA KOMA MANTHA ANATSALA

Cigwa ca Napa ku California, m'dziko la America, ncochuka ndi minda ya mpesa. Charles Krug anatsegula malo ake opangira vinyo kumeneko mu 1861. Koma mu Okutobala 2017, moto wolusa wochedwa Tubbs unabuka m'cigwaco nufalikira ku Sonoma. Unatentha nyumba zikwizikwi ndi kupha anthu 22.

Opulumuka ambiri anatsala ndi nkhawa: kusowa tulo, maloto oopsa, ndi mtima kugunda akangomva fungo la utsi.

Kukonzekeratu kumacepetsa mantha otere. Banja lonse lidziwe njira yothawira, mankhwala ndi mapepala ofunika zikhale m'cola pafupi ndi khomo, ndipo wovutika afotokozere abale zakukhosi. Mantha akapitirira mwezi, munthuyo apite kucipatala.