Kachibowo ka pansi pa giya kadandidwalitsira mwana

Chaka chatha m'mwezi wa Julaye, mwana wanga wamkazi wa zaka 7 adadwala kawiri m'sabata ziwiri, ndipo maulendo onse awiriwo kudwalako kudayambira m'galimoto. Ulendo woyamba tinkaperekeza mabelo a fodya a alamu anga kumsika wa Chinkhoma. Tidanyamuka kusadache, kukuzizira, magalasi onse ali otseka. Tisadafike patala wa M1 mwanayo adayamba kuwodzera, kenako adati mutu ukumuwawa, ndipo titaima adasanza. Monga kholo lililonse ndidaganiza za malungo. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu adamuyeza magazi koma sadapeze kanthu, ndipo pofika madzulo ankasewera fulaye ndi anzake ngati sadadwale.

Ulendo wachiwiri tinkapita kubanki pa boma la Kasungu, ndipo zidachitikanso chimodzimodzi. Titabwerera, mayi a kunyumba adandikhazika pansi pakhonde. "Abambo, mwanayu alibe malungo ayi. Ikumudwalitsa ndi galimoto yanuyi. Nanenso ndikakwera mutu umandilemera, kungoti sindinena," adatero.

Galimoto yake ndi kapikiapu kakale ka Nissan 1400, kamtundu kaja kankapangidwa ku South Africa mpaka m'chaka cha 2008. Ndidagula kwa mlimi wina amene adasiya fodya n'kuyamba soya. Kutsogolo malo ndi ochepa, choncho tikakwera atatu mwanayo amakhala pakati, ndodo ya giya ili pamaondo ake. Mmawa mwake ndidayang'anitsitsa pamalo amenewo. Patsinde pa ndodoyo pamakhala kathumba ka mphira kopindikapindika, kamene m'masitolo a zipangizo za galimoto amati gear boot. Kanga kadali katang'ambika kalekale, ndipo ine mwini ndidatsekapo ndi chisanza pofuna kuchepetsa fumbi. Nditachotsa chisanzacho ndidaona dothi la pabwalo langa kudzera pachibowocho. Nditakwawira pansi pa galimoto ndidapeza kuti paipi ya ekizozi, imene imadutsa chapafupi pomwepo, yang'aluka polumikizira, ndipo mozungulira mng'aluwo muli mwaye wakuda bii.

Ndidachita manyazi chifukwa ndimaphunzitsa Chemistry pasukulu ina ya CDSS kuno, ndipo chaka ndi chaka ndimalemba pabolodi za mpweya wa carbon monoxide. Mpweyawu umatuluka mafuta kapena makala akamapsa mopanda mpweya wokwanira. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya oxygen maulendo oposa 200, motero thupi limayamba kusowa mpweya munthu akupuma bwinobwino. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yozizira. Ana umawagwira msanga kuposa akulu. Ife tinkatseka magalasi pothawa fumbi ndi chisanu, pomwe utsi unkakwera pachibowo chija n'kumathera pankhope pa mwana. Ndipo woyendetsa akayamba kuwodzera pa M1, pamene pakudutsa malole odzaza mabelo, nkhani yake mukuidziwa.

Ndalemba izi chifukwa ndikakwera magalimoto a anzanga, kaya opita ku Chamama, ku Santhe kapena ku Nkhamenya, kawirikawiri ndimaona kathumba kameneka katang'ambika, kapena kulibiretu. Ambiri timakayesa kokongoletsa chabe. Zoona zake zimatengera mtundu wa galimoto.

M'mapikiapu ndi m'magalimoto ena amene amakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndodo ya giya imaboola pansi pa galimoto n'kukalowa m'giyabokisi mwenimwenimo. Kathumba ka mphira ndiko kamatseka chibowocho kuti fumbi, madzi a mvula, kutentha, phokoso ndi utsi zisalowe. Ena mwa magalimotowa ali ndi timatumba tiwiri: kachikopa kamene mumakaona pamwamba, ndi kamphira kobisika pansi pake. Kofunika kwambiri ndi kapansiko. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, amene amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndodo imalumikizidwa ndi giyabokisi kudzera m'zingwe zachitsulo, ndipo pansi pake sipakhala chibowo chachikulu. M'menemo ntchito ya kathumba ndi kutchinga mchenga, makoko a mtedza, njere za chimanga ndi makobidi kuti zisagwere m'zitsulo zosinthira giya. Mchenga ukasakanikirana ndi girizi umadya timapulasitiki ta m'kati, giya n'kuyamba kulimba kapena kugwedera.

Nditafunsa kugalaja ina pa boma, mtengo umene adanditchulira udandibweza. Sindiwanena, poti zipangizo zonsezi n'zoitanitsa kunja, ndipo chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chotsika mtengo. Koma malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usadafike pakati. Ndidaganiza zogawa ntchitoyo pawiri. Ekizozi ndidapita nayo kwa wowotcherera zitsulo, chifukwa imeneyo si ntchito ya munthu wa choko. Kathumba ndidati ndisintha ndekha. Mnzanga wina amene ankapita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera kuno, adakandigulira kamphira kwa ogulitsa zipangizo ku Biwi. Ndidamupatsira kakale kaja m'jumbo kuti akafanizire, ndipo ili ndi langizo loyamba: musagule pongotchula dzina la galimoto, tengani chakalecho kapena chithunzi chake ndi muyeso wa chibowo.

Zida zake n'zochepa: sikuludiraiva yamtanda ndi yafulati, pulayala, nsalu, burashi yakale yotsukira mano, girizi pang'ono, ndi kambale koikamo masikuluwu. Imikani galimoto pamalo afulati, zimitsani injini ndipo dikirani izizire, chifukwa chitsulo cha pamenepo chimatentha. Kokani handibuleki ndi kuika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Zimenezi musazipeputse, poti mukhala mukugwedeza ndodo ndipo giya ichoka.

Yambani ndi kuchotsa mutu wa ndodo, uja timagwira posintha giya. M'magalimoto ambiri akale umamasuka poupotokola kumanzere ngati chitsekero cha botolo. Ukakhala wolimba, ukulungeni ndi nsalu kuti dzanja ligwire bwino. Mukaona kuti sukupotoka, musalimbane nawo. Mitu ina imagwidwa ndi kasikuluwu kobisika m'mbali kapena kawaya kopinda, makamaka m'magalimoto a otomatiki okhala ndi batani, komanso m'magalimoto amene mumakweza kamphete kuti mulowetse rivesi. Safunsa adadya phula: funsani makaniko, kapena onani pafoni momwe mutu wa galimoto yanu umachokera, musadathyole kanthu.

Kenako masulani tsinde la kathumba. Kwa ine ndidapinda kapeti n'kupeza mphete yachitsulo yomangidwa ndi masikuluwu. M'magalimoto ena muli felemu ya pulasitiki yogwidwa ndi timano. Imeneyo mumaitukula pang'onopang'ono kuchokera pakona, ndi sikuludiraiva yafulati yokulungidwa nsalu, kapena kulowetsa zala m'kati mwa kathumba n'kukokera m'mwamba. Pulasitiki imene yakhala padzuwa la Kasungu kwa zaka zambiri imathyoka ngati bisiketi, choncho dekhani. Musadachotse, jambulani ndi foni kuti mukumbukire mbali yoyang'ana kutsogolo.

Apa ndi pomwe ndidakumana ndi vuto langa loyamba. Sikuluwu imodzi idali itachita dzimbiri, ndipo ndidaikakamiza mpaka mutu wake udafafanizika. Ndidataya ola lathunthu. Mkulu wina wokonza njinga pamsika wathu, nditamufotokozera, adaseka. "Aphunzitsi, chitsulo sachilamula ngati mwana wasukulu. Dontheretsani oyilo, mupite mukadye nsima, mukabwere muigwire ndi pulayala," adatero. Ndidachita zomwezo ndipo idamasuka.

Mukavula kathumba kakale pokakokera m'mwamba, musathamangire kuveka katsopano. Pukutani malo onse. Ine ndidachotsamo dothi lofiira lodzaza chikhatho, zinyenyeswazi za fodya ndi chitsekero cha bolopeni. Chotsani zinyalalazo mozikokera kunja, osati kuzikankhira m'kati. Yang'anani ngati pamene ndodo ikulowa m'giyabokisi pali kamphira kena kakang'ono. Kakakhala kong'ambika, fumbi likulowa m'giyabokisi, ndipo nakonso kafunika kusintha. Pakani girizi pang'ono pamene zitsulo zikukhulana, koma asakhudze kathumba katsopano, chifukwa mafuta amafewetsa mphira wa mitundu ina mpaka kuwonongeka. Ngati khosi la kathumba likukanika kutsetsereka pandodo, pakani madzi a sopo.

Vekani katsopano, kayang'ane mbali yoyenera, ndipo bwezerani mphete. Lowetsani masikuluwu onse momasuka kaye, kenako muziwamanga mosinthanasinthana, iyi ndi ya kutsidya kwake, kuti mphira ugone mofanana. Mukamangitsa kwambiri mphete imadula mphirawo. Bwezerani mutu wa ndodo mpaka manambala ake awongoke. Injini ili chizimire, pondani kilatchi ndi kulowetsa giya iliyonse, kuyambira 1 mpaka rivesi. Vuto langa lachiwiri lidaonekera apa: ndidakweza khosi la kathumba m'mwamba kwambiri, moti ndikalowetsa giya 2 mphira unkakokeka ngati legeni. Ndikadasiya choncho ukadang'ambika m'mwezi umodzi, kapena kumakoka ndodo mpaka giya kutuluka yokha pamabampu. Ndidalitsitsa pang'ono ndipo zidatheka.

Pomaliza ndidayesa ngati patsekekadi. Usiku ndidaika tochi yoyaka pansi pa galimoto, moyang'anitsa m'mwamba, n'kulowa m'kati kuona ngati kuwala kukudutsa. Mwa njira imeneyi ndidapezanso timabowo tiwiri ta dzimbiri pansi pa mpando, timene wowotcherera uja adatseka tsiku lina.

Kwa amene kong'ambika ndi kachikopa ka pamwamba kokha, simufunikanso kupita ku Lilongwe. Mnzanga wa Toyota Corolla adasomola ulusi wa kakale, zidutswa zake n'kukhala patani. Adagula chikwama chachikopa pakaunjika, ndipo wosoka nsapato pamsika adadula ndi kusoka tsiku lomwelo. Khosi lake adalimanga chakunsi ndi kalamba kapulasitiki, kathumba katatembenuzidwa, kenako n'kukabweza kuti mfundo ibisike. Kwa kamphira kapansi, chubu cha tayala la galimoto chingakuthandizeni mukakhala pamavuto: dulani chidutswa choposa chibowo, boolani pakati kabowo kochepera ndodo, siyani mphira wokwanira kuti ndodo iziyenda, n'kupanikiza ndi mphete. Koma chubu sichipirira oyilo ndi kutentha, choncho chikhale chongodikirira kenikeni.

Ndichenjeze pa chinthu chimodzi. Kathumba katsopano sikachiza ekizozi yobooka. Mukatseka chibowo koma utsi ukutulukabe pansi pa galimoto, upeza polowera pena, kaya pa mabowo a mapedulo kapena pa mphira wotha wa zitseko. Mukamva galimoto ikulira mosiyana ndi kale, kapena mukaona mwaye polumikizira mapaipi, konzetsani msanga. Misewu yathu yafumbi, yokumbika ndi malole a fodya ndi ngolo, imagwedeza ekizozi mpaka kuthyola zomangira zake. Ndipo wina akayamba kudandaula mutu kapena kuwodzera m'galimoto, imani, atuluke apume mpweya wabwino, ndipo ngati sakupeza bwino thamangirani naye kuchipatala n'kuwauza adokotala kuti mwina wapuma utsi. Kuyezetsa malungo musasiye, koma nenaninso za galimotoyo.

Ntchito yonse, kuphatikizapo ola lija ndidataya pa sikuluwu, idanditengera Loweruka limodzi mmawa. Sabata yotsatira ndidalowa ndi kathumba kong'ambikako m'kalasi ya Fomu 3, n'kukaika patebulo tisadayambe phunziro la carbon monoxide. Mnyamata wina adakweza mkono n'kunena kuti lole ya amalume ake, imene imanyamula matenanti ndi mabelo, ili ndi chibowo chachikulu kuposa chimenecho, ndipo woyendetsa wake amatafuna chingamu kuti asagone. Ndidamutuma kuti akawauze amalume akewo zimene adaphunzira tsikulo.

Mwana wanga wakwera kapikiapuko maulendo ambiri chichitikireni zimenezi, pamalo ake omwe aja a pakati, ndipo sadasanzenso. Tsopano ndikamayang'ana oyilo ndi madzi mmawa, ndimapindanso kathumba kaja ndi chala kuona ngati kayamba ming'alu. Inu amene muli ndi galimoto, kapena mumakweza ana anu m'galimoto ya mnansi, kayang'aneni patsinde pa ndodo ya giya musadanyamuke mawa. Mukapeza chisanza, chichotseni muone chimene chikubisika pansi pake.