Nkhani ya M'nyuzipepala Siyamba ndi Malonje

Aphunzitsi oyang'anira ma Press Club m'masukulu a kuno ku Chipata akandiitana, pempho lawo silisintha: "Bambo, kawaphunzitseniko anawa Chingelezi cha atolankhani." Ambiri amaganiza kuti pali chinenero chobisika chimene timakaphunzira ku Evelyn Hone College kapena ku ZAMCOM ku Lusaka. Kulibe chotero. Ntchito yathu yambiri imagwiridwa ndi miyendo ndi makutu, ndipo cholembera chimabwera pomalizira.

Chimene chimasokoneza ana ndi chimangirizo. M'kalasi anaphunzira kuyamba ndi kutuluka kwa dzuwa ndi kulira kwa atambala, n'kusunga chokoma chonse mpaka ndime yotsiriza. Ndi mmenenso timachitira kumudzi. Mlendo akakhala pamphasa amapereka malonje: ananyamuka liti, anadzera njira iti, anawasiya bwanji kwawo, ndipo chimene wadzera chimatuluka pambuyo. Umenewo ndi ulemu. Koma amene waona nkhokwe ikupsa sapereka malonje, amafuula kuti moto kwa auje. Mtolankhani amalemba ngati munthu wachiwiriyu.

Tiyerekeze kuti pasukulu panu pafika madesiki. Mwana wozolowera chimangirizo alemba kuti linali tsiku lowala bwino pamene tinasonkhana pa asembule, kenako ahedi anaimirira. Mtolankhani alemba kuti: "Ana a Giredi 10 asiya kukhala pansi kuyambira Lolemba, sukulu italandira madesiki 60 ogulidwa ndi ndalama za chitukuko cha dera (CDF)." M'chiganizo chimodzi mwalowa ndani, chiyani, liti ndi motani. Ndime yachiwiri inene amene wakuuzani. Yachitatu ipereke mawu a mwana amene ankalembera pamaondo. Zotsalazo zitsate monga mwa kulemera kwake, zopepuka pansi. Timatero pa zifukwa ziwiri: wowerenga waima pa bolodi ya zidziwitso nthawi ya buleki ndipo belu likhoza kulira asanamalize, komanso malo akachepa mkonzi amadula kuyambira pansi.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi kuona nyuzipepala ya sukulu yodzaza ndi zigoli za Manchester United ndi nkhani za ku State House zokopera pa Facebook. Zimenezo aliyense anazimva kale dzulo. Palibe wa Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail amene adzabwere kudzawerenga ana a m'kalasi mwanu. Chichotsereni boma malipiro a sukulu mu Januwale 2022, makalasi anadzaza. Chaka chomwecho ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Manambala amenewa ndi a dziko lonse. Nkhani yanu ndi yakuti pasukulu yanu, kaya ndi pa Chizongwe, pa Hillside Girls, pa Anoya Zulu kapena pa St Monica's, zimenezi zinafika bwanji. M'kalasi muli ana angati? Desiki limodzi amakhalapo angati? Aphunzitsi atsopano anabwera a maphunziro ati? Mnzanu wochokera ku Mchini kapena ku Nabvutika amanyamuka nthawi yanji kuti asatsekeredwe pageti? Tengani kope, kawerengeni nokha.

Chitsanzo tili nacho pakhomo. Mike Daka atachoka ku ZAMCOM kudzatsegula Breeze FM kuno, wailesiyo inakondedwa chifukwa inkalankhula za fetereza, za malire a minda ndi za mitengo ya mbewu, m'Chinyanja chimene anthu amayankhula. Gogo Breeze, muulutsi wa pawailesiyo, ankapita kumidzi kukamva madandaulo ndi kuwerenga makalata a omvera, mpaka Harri Englund wa ku yunivesite ya Cambridge analemba buku lonse la ntchito yawo mu 2018. Kale boma linkasindikizanso Tsopano, nyuzipepala ya Chinyanja ya chigawo chino. Choncho sindiona chifukwa chakuti nyuzipepala ya sukulu ikhale ya Chingelezi chokhachokha, pamene makolo olipira mayunifolomu angakonde tsamba limodzi loti awerenge okha.

Tsopano pa mtima penipeni pa ntchitoyi. "Anthu akuti" si gwero la nkhani. Kumbukirani kolera wa 2024: masukulu anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, tsiku linasunthidwa kufika pa 29 Januwale, kenako pa 12 Febuluwale. Pa nthawi ngati imeneyo mauthenga a pa WhatsApp amayenda mofulumira kuposa chilengezo, ndipo mwana wa kuboding'i wochokera ku Lundazi kapena ku Chadiza akhoza kutaya ndalama ya basi chifukwa cha tsiku lolakwika. Mtolankhani amafunsa kuti wanena ndani. Ngati ndi Unduna wa Maphunziro, alembe choncho. Ngati ndi ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'dera lino, apite akamve yekha. Dzina la munthu afunse mwini wake mmene amalilembera, ndi udindo wake womwe, chifukwa wachiwiri kwa ahedi mukamutcha ahedi mwalakwira anthu awiri. Zimene mwamva zilembedwe nthawi yomweyo, osadalira kukumbukira madzulo.

Nanga mwana angafunse bwanji munthu wamkulu funso lovuta? Apa mwambo wathu sutsutsana ndi utolankhani. Mwamva kuti nyemba za ku dayining'i zili ndi anankafumbwe. Mwalankhula ndi anzanu, mwaziona ndi maso. Musanalembe, gogodani pa ofesi, perekani moni, pemphani nthawi, ndipo munene kuti: "Aphunzitsi, anzathu akudandaula za nyemba. Tisanalembe tati timve mbali yanu." Mwina mudzamva kuti wogulitsa anabweretsa matumba akale ndipo abwezedwa. Zimenezo zilowe m'nkhani. Akakana kuyankha, lembani kuti anafunsidwa ndipo sanayankhe, osawonjezerapo mkwiyo wanu. Maganizo anu ali ndi malo ake, pa tsamba la ndemanga, pansi pa dzina lanu. Kwa ahedi ndinene poyera: mukamalola nkhani zokutamandani zokha, mukuphunzitsa ana kusyasyalika, ndipo madandaulo amene mwawatsekera pa pepala adzatulukira pa foni opanda mbali yanu.

Pali zina zimene zili zoona koma sizilembedwa. Mtsikana akatenga pakati, mwana akagwidwa ndi apolisi kapena akachitidwa nkhanza, dzina lake, chithunzi chake, kalasi yake ngakhale komboni imene amakhala siziyenera kuoneka. Lamulo la Children's Code Act la 2022 limateteza ana amene nkhani zawo zili kukhoti, koma pasukulu muyenera kusamala koposa pamenepo, chifukwa aliyense amadziwana ndipo mukangoti "mtsikana wina wa 11B" mwamutchula kale. Nkhaniyo ikhoza kulembedwabe mwa njira ina. Kuyambira 1997 Zambia ili ndi ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka. Pitani kwa aphunzitsi opereka uphungu, afunseni kuti ndondomekoyo imagwira ntchito bwanji, mafomu amatengedwa kuti, ndipo mtsikana amabwerera patapita nthawi yotani. Mukatero musindikize mayankhowo m'Chingelezi ndi m'Chinyanja momwe.