Za Munthu Wosaoneka ndi Anthu Amene Anamupha

Lamulungu lina tili pa katekisimu kuno kwa Kadewere, mnyamata wina anaimika dzanja. Iye anali ataona kanema kumsika, wa anthu aja ouluka m'mwamba ndi onyamula magalimoto ndi dzanja limodzi. Nati: "Aphunzitsi, wopulumutsa anthu uja anaphanso anthu ambiri. Nanga wabwino anali ndani?" Ine ndinamuuza kuti nthawi yatha, koma pobwerera kunyumba manyazi anandigwira, pakuti mwanayo anafunsa zanzeru.

Nthano zotere, za anthu olandira mphamvu zoposa anzawo mwa nzeru za sayansi, sizinayambe ndi kanema ayi. Chaka cha 1897 Mngelezi wina, H. G. Wells, analemba buku lotchedwa The Invisible Man, ndiko kunena Munthu Wosaoneka. Nzopeka, musaiwale, mankhwala ozimiririra kulibe, ngakhale ku London, ngakhale kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri.

Munthuyo dzina lake Griffin, wophunzira kwambiri koma wosauka. Pofuna ndalama zogulira zipangizo anabera atate ake. Ndalamazo zinali za eni, ndipo nkhalambayo inadzipha. Griffin anapitirira ndi ntchito yake, nayesa mankhwala pa mphaka, nawamwa yekha, thupi lake nilileka kuoneka. Anayesa kuti wapeza ufumu. Koma taonani: kuti asaoneke anayenera kuyenda wamaliseche m'chisanu cha ku London, akadya, chakudya chinkaoneka m'mimba mwake, agalu ankamununkhiza, ndipo njira yobwerera ku thupi lake lakale sanaipeze. Anafika kumudzi wa Iping atakulunga nkhope yonse ndi nsalu, nabera m'busa wa mpingo, namenya anthu, nathawa.

Potsiriza analowa m'nyumba ya dotolo Kemp, amene anaphunzira naye kale, ali ndi bala ndi njala. Kemp anampatsa chakudya, chovala ndi pogona, koma mseri anatumiza kalata kwa apolisi. Apa pandivuta ine. Kupereka mlendo amene wadya nsima yako nchinthu chonyansa pakati pathu. Komabe m'mawa mwake Griffin anaulula kuti afuna kupha anthu kuti dziko lonse limuope, ndipo ndiyesa kuti Kemp sanalakwe poitana boma. Kulakwa kwake kunadza pambuyo, pamene mantha anamkulira, nalangiza kuti awaze magalasi operapera m'misewu kuti acheke mapazi a Griffin. Galasi silisankha phazi. Mwana wopita kumjigo alipondanso.

Griffin anaphadi munthu panjira. Khamu linamgwira, nilimmenya ndi zibakera ndi fosholo, osaona chimene likumenya. Kemp yemweyo anafuula kuti aleke, koma kunali kutatha. Pamene anafa, thupi linayamba kuoneka pang'onopang'ono: munthu wa zaka ngati 30, wamaliseche, wothyoka chifuwa. Anthu anachita mantha, napempha kuti amfunde nsalu.

Ife a maboma ano tisanene kuti izi nza Azungu okha. Mu September 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje, nifalikira ku Phalombe, Thyolo, Nsanje ndi kuno ku Chiradzulu. Mu October inafika ku Blantyre. Anthu ankanena za adani osaoneka, olowa m'nyumba zotseka, okhala ndi mankhwala ogonetsa ndi zipangizo zopopera magazi. Mabanja ankagona panja. Anyamata anatchinga misewu ndi miyala ndi mitengo, nadziyesa oteteza mudzi. Ndipo ambiri a iwo, ndikhulupirira, anali ndi mtima wotetezadi amayi awo ndi alongo awo. Anthu osachepera 9 anaphedwa, mmodzi wa iwo wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Blantyre. A United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi ku Phalombe, apolisi nagwira anthu oposa 100. Madotolo sanapeze umboni wa kupopa magazi. Griffin wa m'buku anali ndi mlandu weniweni. Athu aja anafera mbiri chabe, ndipo khamu lokha ndilo linali ndi mphamvu zoposa munthu mmodzi usiku umenewo.

Lamulungu lotsatira ndinaitana mnyamata uja, ndinamsimbira nthano yonseyi, ndi kumkumbutsa lamulo lachisanu la Mulungu. Makolo, mwana akabwera kuchokera ku kanema, musangomukalipira za ndalama imene wawononga. Mufunseni amene anafa ndani, ndi amene anamlira ndani. Mnyamatayo anakhala chete nthawi, nandifunsa ngati munthu wa fosholo uja anapita kukalapa. Ndinamuuza kuti buku silinena.