Osasiya mankhwala chifukwa cha mphasa yonyowa

Munthu amene amadwala matenda a ubongo akayamba kupezako bwino, pakhomo pamabwerera mtendere. Amayamba kugona tulo, kusamba, kudya pamodzi ndi anzake, ena mpaka kubwerera kumsika kukagulitsa tomato kapena kaunjika.

Koma m'mabanja ena chimwemwechi sichikhalitsa. Tsiku lina m'mamawa mphasa imapezeka yonyowa, kapena wodwalayo amakhalitsa kuchimbudzi koma mkodzo osatuluka.

Apa ndi pamene achibale amalakwitsa. Ena amamukalipira kuti akuchitira dala, ena amati walodzedwa. Mwiniwake, chifukwa cha manyazi, amangokhala duu n'kuyamba kutaya mapiritsi mobisa. Pakapita masabata kapena miyezi, matenda aja amayambiranso.

Chonsecho gwero la vutoli likhoza kukhala mankhwala omwe akumuthandizawo, ndipo achipatala ali nazo njira zolichepetsera.

Mankhwala akale kwambiri pa matendawa ndi chlorpromazine, amene ena amawadziwa kuti Largactil. Madokotala a mumzinda wa Paris ku France adayamba kupatsa odwala mankhwalawa m'chaka cha 1952. Haloperidol adapangidwa ku Belgium mu 1958. Palinso risperidone, olanzapine, clozapine komanso jakisoni wa fluphenazine. Mankhwalawa athandiza anthu ochuluka kutuluka m'zipatala n'kukakhala kwawo, koma ntchito yawo sithera mu ubongo mokha.

Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mkodzo pafupifupi theka la lita. Chikadzaza, mitsempha imatumiza uthenga kuti minofu yake ifinye, pomwe kamnofu kotseka njira ya mkodzo kamamasuka.

Chlorpromazine amafooketsa uthenga umenewu. Zotsatira zake munthu amachedwa kuyamba kutaya madzi, mkodzo umatuluka pang'onopang'ono, ndipo akamaliza amamva ngati wina watsalira. Kawirikawiri m'kamwa mumauma ndipo amadzimbidwa.

Vutoli limakula ngati wodwala akumwanso benzhexol, mankhwala amene amaperekedwa pochepetsa kunjenjemera ndi kuuma kwa thupi. Amitriptyline ngakhalenso Piriton wongogula pasitolo amawonjezera. Abambo achikulire amene kachiwalo kawo ka prostate kadakula ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Kwa odwala ena zimachitika mosiyana: mkodzo umangotuluka wokha, makamaka usiku. Izi zimadziwika kwambiri ndi clozapine, ngakhale risperidone nayenso amatero. Mankhwalawa akhoza kumasula kamnofu kotseka kaja, komanso ena amagoneka munthu tulo tofa nato moti samva kuti chikhodzodzo chadzaza. Nthawi zina kudontha kwa mkodzo kumasonyeza kuti chikhodzodzo chadzaza mpaka kusefukira.

Chlorpromazine akhozanso kusintha mtundu wa mkodzo kukhala wofiirira. Pakokha izi sizoopsa, komabe ndi bwino kuwauza achipatala kuti atsimikize kuti si magazi, poti likodzo nalonso lili ponseponse m'madera a kunyanja ndi m'madambo.

Wodwala akamamva ludzu kwambiri, n'kumakodza pafupipafupi usana ndi usiku, ayezedwe shuga, chifukwa olanzapine ndi clozapine amatha kuyambitsa matendawa.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Ngati papita maola ambiri mkodzo osatuluka, pansi pa mchombo patatupa ndipo pakupweteka, wodwala apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kumeneko amalowetsa kapaipi kochotsera mkodzo. Kuchedwa kukhoza kuwononga impso.

Chimodzimodzinso ngati thupi latentha kwambiri, minofu yauma gwa, wodwala wasokonezeka ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Zimenezi sizichitikachitika, koma zikhoza kupha.

Pa mavuto enawo, choyenera ndi kubwerera komwe wodwala amalandirira mankhwala, kaya ndi pachipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Wom'perekeza anyamule kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba. Achipatala akhoza kuyeza mkodzo, kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera kapena kupereka mtundu wina.

Kunyumba, wodwala azimwa madzi okwanira masana koma achepetse madzulo. Apewe mowa ndi tiyi wa usiku, azitaya madzi asanagone, ndipo azidya masamba ndi zipatso popewa kudzimbidwa. Pepala la pulasitiki pansi pa nsalu yogonera limateteza matiresi, ndipo nkhaniyi isamakambidwe pamaso pa ana kapena alendo.

Choopsa kwambiri ndi kusiya mankhwala mwadzidzidzi popanda kufunsa. Mphasa yonyowa imachapidwa n'kuuma tsiku lomwelo, koma matenda akabwerera, banja likhoza kutha miyezi likuyendera chipatala, geni itaima ndipo mpamba utatha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.